Kodi wosalolera ndi ndani, iwo kapena ine?



Semesita yathayi ndinapatsidwa dzina lomwe linandiwawa. Mnzanga amene timagona chipinda chimodzi ku hositelo, Mkhristu, mnyamata wabwino ndithu, anatenga poto wanga ine ndili ku laibulale n'kukazingiramo kapado. Pobwera fungo linandilonjera ndili pakhomo pomwe. Ndinkadziwa zomwe tinaphunzira ku madrasa, kuti pa madhhab a Imam Shafi'i chiwiya choterocho umachitsuka kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, chimayera. Koma mtima unakana. Ndinamuuza kuti potoyo atenge akhale wake, ine ndigula wina, ndipo kuyambira tsiku limenelo ziwiya zathu zisamasakanikirane.

Iye anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aise, koma ndiwe intolerant bwanji! Poto basi?"

Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Liwu limeneli ndinali nditalizolowera, koma ndinkaligwiritsa ntchito ndine polozera anthu ena: aphunzitsi oika mayeso nthawi ya Jumu'ah, anthu otiseka ndevu, otchula alongo athu ovala hijab maina achipongwe. Tsopano chala chinali chitaloza ine. Ndinayamba kudzifunsa kuti kodi liwuli limatanthauza chiyani kwenikweni, nanga ndi liti pomwe munthu amayenera kupatsidwa dzina limeneli.

Liwu la Chingerezi lakuti intolerance linachokera ku Chilatini, ku mneni wotanthauza kusenza kapena kupirira chinthu cholemera. Madokotala amaligwiritsanso ntchito. Pali anthu omwe akamwa mkaka m'mimba mumabwadamuka chifukwa thupi lawo silitha kugaya shuga wa mumkakamo, ndiye amati thupilo lili ndi intolerance. Mkakawo ndi womwewo umene mnzake akumwa bwinobwino. Thupi lake ndi lomwe likulephera kuusenza.

Kwathu kuno timati kusalolerana. Taonani m'mene liwuli linamangidwira. Pali kulola, kenako kulolera, kenako kulolerana. Kachidutswa kakumapetoko ndi komwe timakapezanso m'mawu ngati kukondana, kuthandizana, kumenyana. Kamasonyeza kuti pali anthu awiri ndipo aliyense akuchitira mnzake. Zinandisangalatsa nditakumbukira phunziro la sarf ku madrasa, kuti liwu la Chiarabu lakuti tasaamuh nalonso lili pa sikelo ya mawu osonyeza kuchitirana. Zilankhulo ziwirizi zikugwirizana kuti nkhaniyi si ya munthu mmodzi. Ukamadandaula kuti sakundilolera, liwu lomwelo likukufunsa kuti nanga iwe ukuwalolera chiyani.

Chinthu chinanso chomwe ndinaona n'chakuti sungalolere chinthu chomwe umachikonda kale. Palibe amanena kuti ndikulolera mpunga wa nyama pa Eid. Sunganenenso kuti ukulolera chinthu chomwe sichikukhudza n'komwe. Ndipo ngati ulibe mphamvu iliyonse yochiletsa, kumeneko ndi kungogonja. Kuti kukhale kulolera payenera kukhala zinthu zitatu. Choyamba, chinthucho sukugwirizana nacho. Chachiwiri, uli ndi kamphamvu kena koti ungamupinge nako mnzakoyo, kaya ndi udindo, kaya ndi kuchuluka kwa gulu lako, kaya ndi pakamwa pako pomwepa. Chachitatu, wasankha kusagwiritsa ntchito mphamvuyo pomuphwanya. Choncho kusalolerana ndi pomwe kusiyana kwathu kwandipangitsa kufuna kuti iwe usowe malo: usaphunzire pano, usaswali pano, usalankhule pano, usawerengedwenso ngati munthu.

Nditayeza nkhani ya poto ija ndi muyeso umenewu, mtima unakhala pansi. Sindinamuletse kudya chomwe chipembedzo chake chimamulola. Sindinapite kwa oyang'anira hositelo kukapempha kuti amuchotse. Ndinangoika malire pa chiwiya changa ndi pakamwa panga. Kukana kuchita nawo chinthu ndi kwina, kuletsa mnzako kuchichita ndi kwinanso. Tsiku lotsatira ndinamufotokozera zimenezi, ndipo anamvetsa. Koma anandiuzanso chinthu chomwe sindinkachiyembekezera.

"Ukudziwa kuti alamu yako ya Fajr imandidzutsa tsiku lililonse? Mwezi wa Ramadhan wonse uja umayatsa getsi pakati pa usiku kudya daku, ine ndili ndi mayeso m'mawa mwake. Ndinayamba ndadandaulapo?"

Ndinasowa choyankha. Miyezi yonseyi munthu ankandisenza ine osadziwa. Zomwe ine ndinkamulolera ndinkaziwerenga bwinobwino ngati ngongole, koma zomwe iye ankandilolera sindinkaziona n'komwe. Lero alamu ija ndimaiika pansi pa pilo, iye kapado wake amakakazingira kukhitchini.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikutchera khutu m'mene timagwiritsira ntchito liwuli tsiku ndi tsiku, ndipo ndaona kuti timalipotoza m'njira zingapo.

Ena amaligwiritsa ntchito pofuna kutseka pakamwa munthu aliyense amene ali ndi chikhulupiriro cholimba. Ukangoti ine sindimwa mowa, kapena sindipereka mkono kwa mkazi yemwe si mahram wanga, basi wasanduka wosalolera. Koma ngati kulolerana kukutanthauza kuti aliyense asiye zomwe amakhulupirira, ndiye kuti palibenso chololerana, tonse tangofanana. Munthu wondikakamiza kuti ndinene zoti zipembedzo zonse n'zofanana kuti andione ngati wophunzira, iyeyo ndi amene sakundilolera.

Ena amalisakaniza ndi tsankho. Mawu awiriwa ndi apachibale koma si amodzi. Tsankho ndi kukondera kapena kusala munthu chifukwa cha chomwe ali: Myao, Mtumbuka, Msena, wakuda, wolumala. Kusalolerana kumagwira kwambiri zomwe munthu amakhulupirira, kunena kapena kuchita. Bwana angakulembe ntchito mosayang'ana dzina lako la Chisilamu, koma n'kukana kukupatsa mphindi khumi zoti ukaswali Dhuhr. Wina angakulole kuswali koma n'kusakukweza pantchito chifukwa cha mtundu wako. Tikamadziwa kusiyanitsa, timadziwanso chomwe tikudandaula.

Palinso kuganiza kuti kusalolera n'koipa nthawi zonse. Ayi ndithu. M'dziko muno abale athu achialubino akhala akuphedwa chifukwa cha zikhulupiriro zabodza za chuma. Agogo okalamba akhala akugendedwa powanamizira ufiti. Ana aakazi akhala akukwatiwitsidwa asanakhwime, mpaka m'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 awerengedwe kuti ndi mwana. Zinthu ngati zimenezi munthu wa umunthu sayenera kuzilolera, ndipo kukhala chete pamenepo ndi mantha chabe. Malire ake ndi oonekeratu: pamene wina akupwetekedwa, kulandidwa chake kapena kuponderezedwa, kulolera kwatha.

Koma kupotoza kwakukulu, komwe ine ndagwamo, ndi kwakuti liwuli timalisungira anthu ena okha. Akuluakulu anati anyani amasekana zikundu.

Tonse tikukumbukira nkhani ya hijab m'sukulu. Atsikana achisilamu ankabwezedwa pa zipata za sukulu zina za mipingo chifukwa chofunda kumutu. Kumeneko kunali kusalolerana kwenikweni, chifukwa mwana ankauzidwa kuti asankhe pakati pa chipembedzo ndi maphunziro, pomwe malamulo aakulu a dziko lino amamupatsa zonse ziwiri: ndime 33 imateteza ufulu wa chipembedzo, ndime 25 imateteza ufulu wa maphunziro. Koma tisaiwale kuti mu November 2019 ku Balaka mkanganowu unafika pa ziwawa, anthu anavulala, katundu anawonongeka mbali zonse ziwiri. Miyala ija sinatsegule chipata cha sukulu iliyonse. Chomwe chinathandiza ndi kukhala pansi. M'chaka cha 2021, kudzera ku bungwe la Public Affairs Committee, atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu anasainirana mgwirizano wolola atsikana kuvala hijab yogwirizana ndi yunifolomu. Palibe mbali yomwe inasiya chikhulupiriro chake. Aliyense anangosuntha pang'ono kuti mwana apeze pokhala m'kalasi.

Nkhani imeneyi timaikamba mosavuta chifukwa olakwiridwa tinali ife. Tsopano ndikuuzeni ina yomwe imandivuta kuikamba.

Zaka zitatu zapitazo anganga anga, amayi a mayi anga, anamwalira kumudzi kwathu ku Machinga, Allah awachitire chifundo. Kwathu ambiri ndi a Qadiriyya. Ponyamula jeneza amayenda akuchita zikiri mokweza, ndipo pakatha masiku makumi anayi amaphika sadaka. Ine ndinali nditangomaliza kumene maphunziro anga a ku madrasa ya m'tauni, komwe tinaphunzira kuti maliro amaperekezedwa mwakachetechete ndipo zinazi zilibe umboni wokwanira. Ndinali ndi zaka 19, mutu wodzaza ndi ma dalili, mtima wotentha.

Pa tsiku la arubaini amjomba anga, mchimwene wawo wa mayi, anandiitana kuti ndidzathandize kugawa mpunga. Anthu anali atakhala pamikeka, mashehe a m'mudzimo ali pomwepo. Ndikanatha kuwakokera pambali n'kuwauza mwaulemu kuti amjomba, mundikhululukire, ine izi mtima wanga sukuzilola. Sindinatero. Ndinayankha mokweza, aliyense akumva, kuti sindingagwire nawo ntchito ya bid'a, ndipo chakudyacho sichiwafika anganga, angotaya ndalama pachabe.

Panangoti zii. Amjomba, omwe anagulitsa mbuzi ziwiri kuti andilipirire mayeso a Fomu 4, anaika mbale pansi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Chabwino, ashehe. Ife osaphunzirafe tiwalira tokha amayi athu." Mayi anga analowa m'nyumba akulira. Ine ndinachoka ndikudziona ngati ngwazi ya Sunnah. Madzulo omwewo ndinalemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti choonadi chimawawa, ndipo anzanga anandiyamikira ndi ma Maa shaa Allah ambirimbiri.

Tiyeni tiyeze ndi muyeso uja. Kodi ndinkatsutsana nazo? Inde. Kodi ndinali ndi mphamvu? Inde, ngakhale sindinkaizindikira: ndinali mwana wa sukulu, wodziwa Chiarabu, wotha kutchula mabuku pamaso pa anthu omwe sakanatha kundiyankha. Kodi mphamvuyo ndinaigwiritsa ntchito bwanji? Ndinachititsa nayo manyazi munthu wamkulu pa tsiku lomwe ankalira mayi ake. Pa nkhani ya poto ndinangoika malire pa ine mwini. Pa nkhani ya sadaka ndinafuna kuti iwo achepe, ine ndikule. Pamene ndinapatsidwa dzina la wosalolera silinandiyenere, koma pamene linandiyenera palibe anandipatsa, m'malo mwake ndinaomberedwa m'manja.

Ndikudziwa chomwe ena mwa inu mukuganiza, chifukwa nanenso ndinkaganiza chomwecho. Mukuti, nanga kulamula zabwino ndi kuletsa zoipa tikusiye? Kodi tizingoyang'ana chifukwa choopa kutchedwa osalolera? Funsoli ndi lolemera, ndipo sindikufuna kulizemba. Nasiha ndi udindo wathu. Koma Chisilamu chomwe chinatilamula kulangizana chinatiphunzitsanso kalangizidwe kake, ndipo mbiri yathu ili ndi zitsanzo zomveka.

Itatha nkhondo ya Khandaq, m'chaka chachisanu cha Hijra, Mtumiki (Swalla Allahu alayhi wasallam) anatuma maswahaba ulendo n'kuwauza kuti Asr akaswalire komwe akupitako. Nthawi ya swala inawapeza ali panjira. Ena anaswali pomwepo, poona kuti cholinga cha lamulolo chinali choti afulumire. Ena anadikira mpaka atafika, potsata mawuwo m'mene analankhulidwira. Nkhani itamufika Mtumiki, sanadzudzule gulu lililonse. Anthu awiri oona mtima angamve mawu amodzi mosiyana, onse n'kukhalabe abale.

Tikudziwanso za Mwarabu wa kuchipululu uja amene anakodza mu mzikiti wa ku Madina. Apa panalibe kusiyana maganizo, kulakwa kunali koonekeratu. Maswahaba anadzambatuka kuti amugwire, koma Mtumiki anawaletsa, anamusiya munthuyo amalize, analamula kuti pathiridwe madzi, kenako anamuphunzitsa mofatsa ulemu wa mzikiti. Cholakwikacho chinakonzedwa, munthuyo sanathyoledwe.

Imam Malik, yemwe anamwalira m'chaka cha 179 cha Hijra, anapatsidwa mwayi womwe ambiri a ife tikanaulumphira. Khalifa wa nthawi yake anafuna kuti buku lake la Al-Muwatta likhale lamulo kwa Asilamu onse. Imam anakana, chifukwa maswahaba anabalalikira m'mizinda yosiyanasiyana ndipo anthu a dera lililonse anali atagwira zomwe zinawafika. Anali ndi maganizo ake, anapatsidwa mphamvu ya boma yowakakamizira pa ena, koma anaibweza. Zinthu zitatu zija zonse zili pamenepa.

Mbali inayo tili ndi ma Khawarij. Sanali anthu aulesi pa ibada. Ankaswali usiku, ankawerenga Qur'an kwambiri. Vuto lawo linali lakuti aliyense wosiyana nawo ankamutulutsa m'Chisilamu. Mapeto ake mmodzi wa iwo, Ibn Muljam, anakantha Ali (Radhiya Allahu anhu) ndi lupanga mu mzikiti wa ku Kufa, m'mwezi wa Ramadhan, m'chaka cha 661, akukhulupirira kuti akutumikira Allah. Zimandiopsa kuona kuti kusalolerana sikubwera ndi nkhope ya satana. Kwa ife achinyamata okonda dini kumabwera kutavala mkanjo woyera, ndipo kumamveka ngati ghira, nsanje yabwino yotetezera chipembedzo.

Qur'an yolemekezeka sinatisiye mumdima pa nkhaniyi. Mu Surah Al-Baqarah ayah 256 kukakamiza munthu kulowa chipembedzo kwakanidwa. Mu Surah Al-An'am ayah 108 taletsedwa kutukwana zomwe ena amapembedza, ndipo chifukwa chake chaperekedwa: iwonso angabwezere potukwana Allah mosazindikira. Mu Surah An-Nahl ayah 125 tauzidwa kuti kuitanira anthu kufuna nzeru, ulaliki wabwino ndi kukambirana m'njira yabwino koposa. Ngati ulemu woterewu ukufunika kwa munthu wopembedza mafano, kuli bwanji kwa amjomba anga omwe amayang'ana Qibla yomweyo, kusala Ramadhan yemweyo?

Sindikunena kuti maganizo onse ndi olondola. Pa nkhani ya sadaka ya arubaini ine sindinasinthe, mpaka lero sindiiona kuti ili ndi umboni wondikhutitsa, ndipo amene ali ndi ilimu yoposa yanga mbali zonse ziwiri apitirize kuikambirana. Chomwe ndinasintha ndi kuzindikira kuti kukhala ndi dalili sikundipatsa chilolezo chonyoza. Mukaswali m'mizikiti ina ya m'tauni mupeza abale a madhhab a Hanafi omwe sanena Aamin mokweza ndipo sachita qunut pa Fajr, ife a Shafi'i timachita. Timaima nawo mzere umodzi, phewa ndi phewa, swala n'kutha bwinobwino. Zomwe zimatheka mumzikiti zimalephereka bwanji pa Facebook? Chaka chilichonse nkhani ya kuoneka kwa mwezi ikafika, timatchulana maina oti sitingawatchule pamaso pa makolo athu.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndife 13.8 peresenti ya anthu a m'dziko muno. Ndife ochepa, ndipo munthu wochepa amadziwa msanga kuwawa kwa kusaloleredwa. Koma ku Mangochi ndi ku Machinga ochuluka ndife. M'banja mwanu mwina wophunzira ndinu. Pa gulu la WhatsApp mwina admin ndinu, batani lochotsera munthu lili m'manja mwanu. Kulolera kwa munthu kumayesedwa pamalo pomwe iye ali ndi mphamvu. Mkhristu wochita lendi pakati pathu ku Mangochi amamva bwanji akamaimba nyimbo zake Lamulungu m'mawa? Mlongo amene sanayambe kuvala hijab akabwera ku darsa yathu, amabweranso sabata yotsatira? M'bale amene wafunsa funso losonyeza kukayika, timamuyankha kapena timamuthamangitsa? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Masiku ano ndisanalankhule kapena kulemba ndimayesa kudzifunsa mafunso ochepa. Kodi pali amene akupwetekedwa, kapena ndi ine chabe amene sindikusangalala? Kodi nkhaniyi ma ulama onse amagwirizana, kapena anasiyanapo kale ine ndisanabadwe? Kodi ndikufuna munthuyu asinthe, kapena ndikufuna anthu aone kuti ndamugonjetsa? Kodi mawu omwewa ndingawanene titakhala awiriwiri, ndikumuyang'ana m'maso? Nthawi zambiri ndikafika pa funso lachitatu ndimafufuta zomwe ndinalemba.

Tchuthi chapitachi ndinapita kumudzi. Ndinawapeza amjomba pakhonde akusoka ukonde wa udzudzu womwe amatchingira nkhuku kudimba. Ndinakhala pansi, osati pampando, n'kuwauza kuti ndabwera kudzapepesa za tsiku lija. Anakhala chete nthawi yaitali, singano ikungoyenda. Kenako anati, "Mphwanga, zoti sudya sadaka ife sizinatipweteke. Alipo ambiri sadya, timakhala nawo. Chinatipweteka n'chakuti unalankhula ngati amayi aja unkawakonda ndiwe wekha."

Sindinawauze kuti ndasintha maganizo, chifukwa likanakhala bodza, ndipo iwonso sanandifunse. Nthawi ya Maghrib itakwana anandiuza kuti nditsogolere swala. Ndinakana, iwo anaumirira. Titamaliza anakweza manja kuyamba dua ya pamodzi mokweza, monga amachitira nthawi zonse, zomwe ku madrasa kwathu sitinkachita. Ndinakhala pomwepo mpaka anamaliza. Anawapemphera anganga chikhululuko ndi kuwala m'manda mwawo, ndipo ine ndinati Aamin.

Allah atipatse ilimu yothandiza ndi mitima yotha kusenza anzathu monga m'mene ena akutisenzera ife osadziwa. Pomwe ndalondola ndi chisomo cha Allah, pomwe ndalakwitsa ndi kufooka kwanga, ndipo ndikupempha kuti mundikonze. Allah ndiye Wodziwa koposa.